SAW, BAW, seramiki kapena kopa wa pa bolodi, fyuluta ya foni musankhe iti?

Foni ikakhala pa 3G kapena pa 4G yamtundu wa FDD, womwe umatumiza pa frikwensi ina n'kulandira pa ina, imayankhula ndi kumvetsera nthawi imodzi, ndipo zonse ziwirizi zimadutsira pa eriyo imodzi yomweyo. Potumiza imatha kufika 23 dBm, omwe ndi 200 mW, pomwe siginolo yochokera ku nsanja ikamakupezani muli kutali imakhala itafooka mpaka cha m'ma -100 dBm. Mukawerengera bwinobwino, kusiyana kwake ndi kuwirikiza pafupifupi ka 2 thililiyoni. Zili ngati mwaima m'chigayo chikulira nde mukufuna mumve munthu amene akunong'ona kutsidya kwa mtsinje. Kachipangizo komwe kamatheketsa zimenezi ndi duplexer, mafyuluta awiri okumana pa eriyo imodzi, ina yodutsitsa zotuluka ina yodutsitsa zolowa, ndipo pakati pawo pamafunika isolation ya 50 mpaka 55 dB, kutanthauza kuti mphamvu ya transmitter ikamafika ku receiver ikhale itachepa ka 100,000 kapena kuposa apo.

Njira zopangira kachipangizoka zilipo zingapo, ndipo ndaona kuti anthu ambiri, makamaka ophunzira za telecom amene akusaka mutu wa pulojekiti ya chaka chomaliza, amathamangira kufunsa kuti kakang'ono kwambiri ndi kati. Funso limenelo libwere kumapeto. Yambani mwafunsa kuti mpata umene uli pakati pa band yotumizira ndi yolandirira ndi waukulu bwanji, chifukwa mpata umenewo ndi umene umakuuzani Q yomwe mukufunika (muyezo womwe ndiufotokoza pansipa), ndipo Q ndi imene imakusankhirani njira, inu mufune musafune.

Taonani ma band atatu omwe timawadziwa bwino kuno, a 900, 1800 ndi 2100. Band 8, ya 900 ija, imatumiza pa 880 mpaka 915 MHz n'kumalandira pa 925 mpaka 960, mpata ndi 10 MHz basi. Band 3 imatumiza pa 1710 mpaka 1785 n'kumalandira pa 1805 mpaka 1880, mpata 20 MHz, koma poti frikwensi yakwera kawiri kuvuta kwake ndi chimodzimodzi, mpata wonse ndi kapelesenti kamodzi ndi pang'ono, komanso band yake ndi yotakata 75 MHz yomwe yonse iyenera kudutsa osataya mphamvu. Band 1 nde ndi ya mwayi, imatumiza pa 1920 mpaka 1980 n'kukalandira pa 2110 mpaka 2170, mpata wa 130 MHz wathunthu. Nde munthu akakuuzani kuti wapanga duplexer yaing'ono mufunseni kuti ya band iti, ya Band 1 ndi ya Band 3 si ntchito imodzi olo pang'ono.

Q ndi muyezo wosonyeza kuti resonator, kachigawo ka fyuluta kolira pa frikwensi yake, imasunga mphamvu bwanji isanaitaye ngati kutentha. Pali kasamu kakale ka Seymour Cohn koyerekezera insertion loss, mphamvu yotayika podutsa mu fyuluta, komwe ndimakonda kuti munthu akachite papepala asanatsegule n'komwe kompyuta. Tengani fyuluta ya Chebyshev ya ma resonator 5, yotakata 4%, zofanana ndi Band 3. Q ikakhala 50 mumataya cha m'ma 15 dB, zomwe ndi kungoti palibe chikudutsa. Q ikakhala 200 mumataya pafupifupi 4 dB, mphamvu yoposa theka yathera mu fyuluta. Q ikafika 2000 mumataya yosakwana theka la dB. Ndipo musaipeputse dB imodzi, 1 dB ndi pafupifupi 20% ya mphamvu ya amplifier yomwe batire yalipira kale koma siinatuluke pa eriyo, ndipo ku mbali yolandira dB imeneyo imangowonjezera mwachindunji noise figure, muyezo wa phokoso lomwe receiver imawonjezera pa siginolo, foni n'kumataya netiweki pamalo pomwe ina ikugwira.

Tiyambe ndi microstrip, timizere ta kopa tojambulidwa pa bolodi, poti ndi yokhayo yomwe munthu wamba angapange ndi manja ake kuchokera pachiyambi mpaka kumapeto. Vuto lake ndi kutalika kwa funde. Pa 900 MHz funde mumpweya ndi lotalika 33 cm, kota yake 8.3 cm, ndipo pa bolodi wamba ya FR4 kota imeneyi imafupika kufika cha m'ma 4.6 cm, theka la funde cha m'ma 9 cm. Resonator imodzi yokha imeneyo, inu mukufuna zinayi kapena zisanu mbali iliyonse. Mbiri yonse ya mafyuluta amenewa ndi nkhani yopinda mizere. Cohn mu 1958 anaika timizere ta theka la funde moyandikana motsetsereka, kanthu n'kukhala kakatali ngati rula. George Matthaei anabweretsa interdigital ndi combline kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, zomwe zimagwiritsa ntchito kota ya funde kapena kuchepera apo koma zimafuna mbali imodzi ilumikizidwe ku ground, pa bolodi ndiye kuti ma via, timabowo tokutidwa kopa tolumikiza mbali ziwiri za bolodi, ndipo via iliyonse imabwera ndi ka inductance kake komwe kamasuntha frikwensi. Cristal ndi Frankel mu 1972 anapinda theka la funde lija kukhala ngati chilembo cha U, hairpin, yosafuna via, n'chifukwa chake mpaka lero ndi imene ophunzira ambiri amayambira. Kenako Makimoto ndi Yamashita mu 1980 anaonetsa stepped impedance resonator, mzere wonenepa kumapeto wowonda pakati, ndipo cha pakati pa zaka za m'ma 1990 Hong ndi Lancaster anatchukitsa open loop resonator, kabwalo ka ngodya zinayi kokhala ndi kampata kamodzi.

Pa zonsezi ine ndimakonda ziwiri zomalizazi, ndipo si chifukwa cha kuchepa kokha. Resonator ya theka la funde imaliranso pa frikwensi yowirikiza kawiri, nde hairpin ya 900 imatsegulanso khomo cha pa 1800, ndendende pomwe pali band ina. Komanso harmonic yachiwiri ya transmitter ya Band 8, siginolo yosafunika ya frikwensi yowirikiza kawiri, imagwera pa 1760 mpaka 1830 MHz, mbali ina mkati mwenimweni mwa polandirira pa Band 3, nde foni yophatikiza ma band awiriwa nthawi imodzi imatha kudzigonthetsa yokha. Stepped impedance imakankhira khomo lachiwirilo kutali, mumasankha nokha posintha kunenepa kwa mizere. Open loop nayo ubwino wake ndi woti mukayala zinayi mwa ngodya zinayi, yoyamba ndi yomaliza zimayandikana n'kumapatsirana mphamvu pang'ono, cross coupling, ndipo njira ziwiri za siginolo zimafafanizana pa frikwensi ina yake n'kupanga transmission zero, dzenje lakuya lomwe mungaliike dala pa band ya mnzake. Mwapeza rejection yochuluka osawonjezera resonator, ndipo resonator iliyonse yomwe simunawonjezere ndi loss yomwe mwaipewa.

Koma Q nde ndi pomwe pamathera chimwemwe. FR4 ili ndi loss tangent, muyezo wa mphamvu yomwe bolodi imadya, ya cha m'ma 0.02, yomwe yokha imatsekera Q cha m'ma 50, komanso dielectric constant yake, nambala yosonyeza momwe bolodi imafupikitsira funde, yomwe timangoti 4.4, imasintha malinga ndi wopanga ndi frikwensi, nde fyuluta yomwe mu simulesheni inali pa 1800 ikabwera kuchokera ku fakitale imatha kupezeka yasuntha ndi ma MHz makumi angapo. Mukapita ku Rogers RO4003C, loss tangent 0.0027, Q imakwera kufika cha m'ma 150 kapena 200, mtengo nawo umakwera. RT/duroid 6010 ya dielectric constant 10.2 imachepetsa kukula koma mizere imawonda, kopa n'kumadya mphamvu zambiri. Ndipo izi ndi zomwe mapepala ambiri a mitu yoti compact sanena mokweza, kuti mukapinda kwambiri mzere, kuupanga spiral, kuboola ground pansi pake kuti funde lichedwe, karenti imapanikizika pamalo pang'ono ndipo Q imatsika. Kanthu kachepa inde, koma kataya zomwe munakapangira. Ndiye microstrip ndi yabwino pa diplexer (osati duplexer) yolekanitsa ma band otalikirana, monga 900 ndi 2400, kapena 2.4 ndi 5 GHz za Wi-Fi, ndi yabwino pa frikwensi za pamwamba ngati 26 ndi 28 GHz pomwe funde ndi la sentimita imodzi, ndi yabwino pophunzirira. Kulowa mu foni ngati duplexer ya Band 3, iwalani.

Seramiki ndi sitepe yotsatira. Ganizo lake ndi losavuta, funde limafupika malinga ndi square root ya dielectric constant, nde mukatenga seramiki ya 90 kota ya funde ya 8.3 cm ija imatsika kufika pansi pa sentimita imodzi. Amaumba kabuloko, kuboola timabowo, kupaka siliva mkati ndi kunja, bowo lililonse ndi coaxial resonator, buloko yonse ndi fyuluta. Q yake ndi mazana angapo, imapirira mawati angapo, kutentha sikuisuntha kwambiri ngati osakaniza ufa wake anachita bwino. Mafoni akale a analog ndi a CDMA oyambirira ankanyamula duplexer yotereyi, kabuloko ka masentimita awiri atatu, ndipo kanali m'gulu la zinthu zazikulu pa bolodi. Lero mu foni mulibenso malo ake, koma mu ma repeater ndi ma small cell idakalipo, ndipo 5G yaibweza mwanjira ina, ma eriyo a massive MIMO okhala ndi ma channel 64 amafuna mafyuluta 64 m'bokosi limodzi lopachika pa nsanja, a chitsulo angalemere kwambiri, nde opanga ambiri anapita ku ceramic waveguide. Kuipa kwake kwa inu ndi ine ndi koti simungaumbe nokha, mumagula yopanga kale ya band yomwe ilipo pa msika, mukafuna yanuyanu ndiye kuti mulipire chikombole.

LTCC ndi IPD ndiziika pamodzi ngakhale zimapangidwa mosiyana, ina ndi timapepala ta seramiki tosanjikiza n'kuwotcha pamodzi pa kutentha kosakwana 1000°C kuti siliva kapena kopa wa mkati asasungunuke, inayo ndi ma inductor ndi ma capacitor ojambulidwa pa galasi kapena silikoni. Zonse ndi L ndi C basi, Q ya makumi angapo mwina kufika 100, m'mbali mwa fyuluta motsetsereka pang'onopang'ono. Kwa zaka zambiri ntchito yake inali ya ma diplexer ndi kuchotsa ma harmonic. Koma onani n77 ya 5G, 3300 mpaka 4200 MHz, yotakata 900 MHz, pafupifupi 24%, kapena n79 ya 4400 mpaka 5000. Mu kasamu ka Cohn kaja loss imatsika band ikamatakata, nde Q yochepa siipwetekanso kwambiri, komanso ma band amenewa ndi a TDD, otumiza ndi kulandira mosinthana pa frikwensi imodzi, safuna duplexer. Apa LTCC yotchipa ija inapezeka kuti ndi imene ikukwana bwino pomwe mafyuluta odula a acoustic, SAW ndi BAW, akuvutika ndi kutakata. Imayamba kuvutika pomwe n79 yayandikana ndi Wi-Fi yoyambira pa 5150 MHz.

Tsopano zenizeni zomwe zili m'thumba mwanu. Mukatsegula foni n'kuchotsa kachitini kophimba mbali ya RF, pafupi ndi pomwe pamalowa waya wa eriyo mumaona timabokosi tating'ono, tina 1.8 ndi 1.4 mm, tina 1.1 ndi 0.9 mm, ndipo m'mafoni odula tambiri tinabisidwa mkati mwa module imodzi pamodzi ndi amplifier ndi ma switch. Mkati mwake siginolo ya magetsi imasanduka kunjenjemera kwa kristo kenako n'kubwereranso ku magetsi. Chinsinsi chake ndi liwiro. Funde la wailesi limathamanga 300,000 km pa sekondi, funde la kunjenjemera pamwamba pa lithium tantalate limayenda cha m'ma 4 km pa sekondi basi, nde pa 1 GHz kutalika kwa funde kumachoka pa 30 cm kufika pa ma micrometre 4. Palibe kupinda kopa kulikonse komwe kungapikisane ndi zimenezo.

SAW, surface acoustic wave, ndi yomwe funde limayenda pamwamba pa kristo. Lord Rayleigh anafotokoza mafunde amtunduwu mu 1885, koma chomwe chinawasandutsa chipangizo ndi interdigital transducer ya White ndi Voltmer mu 1965 ku Berkeley, tizala tachitsulo tolowana ngati zipeso ziwiri. Kutalikirana kwa tizalato ndi komwe kumasankha frikwensi, ndipo poti zonse zimajambulidwa ndi mask, mutha kuika ma resonator a frikwensi zosiyana pa chipu imodzi popanda sitepe yowonjezera, n'chifukwa chake SAW ndi yotchipa ndipo pansi pa 1 GHz, ma Band 5, 8, 20 ndi 28, ndi iyo imalamulira. Mavuto ake ndi awiri. Loyamba, frikwensi ikamakwera tizala timawonda, pa 1 GHz ndi micrometre imodzi, pa 2 GHz theka, kupitirira 2.5 GHz tayamba kukhala ndi resistance yambiri komanso mphamvu ya transmitter imatikokolola pang'onopang'ono mpaka kuduka. Lachiwiri ndi kutentha. Lithium tantalate wamba imasuntha cha m'ma -40 ppm (magawo a pa miliyoni) pa digiri iliyonse, nde tengani fyuluta ya 1800 MHz itenthe ndi madigiri 60, zomwe sizachilendo foni ikakhala pa dashibodi mu Okutobala amplifier ikugwira ntchito pambali pake, yasuntha kuposa 4 MHz, ndipo kukazizira imasunthira mbali inayo. Pa mpata wa 20 MHz mwadya kale gawo lalikulu musanawerengere kusiyana kwa pa fakitale.

Mankhwala ake ndi TC-SAW, kuphimba tizala ndi silicon dioxide yomwe imauma ikatentha pomwe kristo ikufewa, ziwirizi n'kumabwezerana, kusuntha kumatsika kufika theka kapena kuchepera apo, koma mumalipira ndi kutakata kwa band pang'ono komanso mtengo. Zaka zaposachedwa kwabweranso SAW ya kristo yopyapyala kwambiri yomatidwa pa silikoni, Murata amaitcha I.H.P. SAW, Qualcomm ali ndi yawo ultraSAW, yomwe imatsekera funde pamwamba kuti lisathawire pansi, Q n'kukwera kufika pomwe kale panali pa BAW yokha. Nde malire akale oti pansi pa 1.5 GHz SAW pamwamba BAW masiku ano asokonekera, cha pa 2 GHz onse akulimbirana.

Mu BAW, bulk acoustic wave, funde limayenda mkati, kuchoka pamwamba kupita pansi, mu kagawo kopyapyala ka aluminium nitride kopanidwa pakati pa zitsulo ziwiri. Frikwensi imadalira kukhuthala kwa kagawoko, cha m'ma micrometre imodzi kapena ziwiri pa 2 GHz, ndipo poti palibe tizala towonda imapirira mphamvu bwino, Q imafika 2000 mpaka 3000, kusuntha ndi kutentha cha m'ma -25 mpaka -30 ppm. Pali mitundu iwiri ndipo kusiyana kwake ndi momwe amaletsera funde kuthawira mu silikoni. FBAR amakumba kadzenje pansi pake kuti resonator ilendewere pa mpweya, iyi ndi njira ya gulu la Richard Ruby ku HP kenako Agilent, omwe cha mu 2001 anatulutsa duplexer ya band ya PCS 1900 ya ku America, band ya mpata wa 20 MHz yomwe SAW ya nthawi imeneyo inkailephera ndipo seramiki inali yaikulu, bizinesi imeneyo inadutsa ku Avago ndipo lero ndi Broadcom. SMR m'malo mwa mpweya amayala magawo osinthana a tungsten ndi silicon dioxide omwe amabweza funde ngati kalilole, njira yomwe Qorvo amagwiritsa ntchito, kampani yomwe inabadwa mu 2015 TriQuint ndi RFMD ataphatikizana. FBAR kawirikawiri imapambana pang'ono pa Q ndi kutakata, SMR imatulutsa kutentha bwino chifukwa yakhala pansi molimba.

Chomwe chimadulitsa BAW taganizani izi, kukhuthala kukaphonya ndi 1% frikwensi yasuntha pafupifupi 1%, pa 2 GHz ndi 20 MHz, mpata wonse wa Band 3 wapita. Nde wafer iliyonse, kambale komwe amapangirapo ma chipu, amaiyeza malo ndi malo kenako n'kuipala ndi ion beam ma nanometre ochepa mpaka ifike, komanso resonator iliyonse ya frikwensi ina imafuna kukhuthala kwina, sitepe ina, mask ina. Ndipo pa frikwensi zotsika magawo amakhuthala, ma resonator amakula, nde kuika BAW pa 800 MHz nthawi zambiri ndi kungotaya ndalama. Malo ake enieni ndi Band 3, Band 7, Band 25 ya mpata wa 15 MHz, ndi fyuluta yolekanitsa Band 40, yomwe imathera pa 2400 MHz, ndi Wi-Fi yomwe imayambira pomwepo. Chofooka chake ndi kutakata, coupling ya aluminium nitride ndi cha m'ma 6.5% yomwe imapereka fyuluta ya 3 kapena 4% popanda kuthandizira ndi ma inductor. Kuchokera mu 2009 pomwe Akiyama ndi anzake ku Japan anaonetsa kuti kuthira scandium kumakweza piezoelectric response, makampani akhala akuwonjezera scandium, Q n'kumatsikako. Njira ina ndi XBAR ya lithium niobate, ya kampani ya Resonant yomwe Murata anaigula mu 2022 ndi cholinga cha ma band otakata a pamwamba pa 3 GHz.

Apa ndinene poyera kuti SAW ndi BAW simupanga, mumagula. Opanga ndi owerengeka, Murata, Broadcom, Qorvo, Skyworks, Qualcomm kudzera ku RF360 yomwe inachokera ku TDK ndi EPCOS, Taiyo Yuden, kuphatikiza makampani a ku China omwe akubwera. Ntchito yanu ngati injiniya ndi kuwerenga datasheet mosamala ndi kujambula bolodi bwino. Muziyang'ana manambala a m'mphepete mwa band pa kutentha konse, osati typical ya pakati yomwe amaika patsogolo. Ndipo isolation ya 55 dB ya m'datasheet imatha kusanduka 40 pa bolodi yanu chifukwa choti mzere wotumizira (TX) ndi wolandirira (RX) mwaziyendetsa moyandikana kapena mwaumira ma via a ground pansi pa kachipangizoko, siginolo imangolambalala fyuluta n'kudutsa pambali. Amisiri okonza mafoni amadziwa zodumphitsa kawaya pa fyuluta yakufa kuti netiweki ibwerere, pa fyuluta yolandirira ya 2G nthawi zina zimayendadi ngakhale foni imayamba kutola zinyalala, koma pa duplexer ya 3G kapena 4G kutero ndi kulowetsa transmitter yonse mu receiver.

Zomwe zikundikumbutsa njira ina yomwe anthu amaiwala kuti nayo ndi njira, kusafuna duplexer n'komwe. Foni ya GSM ngakhale ili ndi frikwensi ziwiri siitumiza ndi kulandira nthawi imodzi, kutumiza kumachedwa ndi ma timeslot atatu, nde ka switch kokha kamakwana, n'chifukwa chake timafoni ta mabatani tinali totchipa chonchija olo kuti pa 900 timatulutsa mpaka 2 W. TDD ya 4G ndi 5G, Band 40, 41, n78, yabwerera ku ganizo lomweli, frikwensi imodzi, nthawi yogawana. Fyuluta imafunikabe yotchinga oyandikana nawo koma isolation ya 55 dB ija yachoka pa mndandanda. Ngati sisitimu yonse mukupanga nokha, linki ya pakati pa malo awiri mwachitsanzo, ganizirani kaye zimenezi musanayambe kuvutika ndi ma resonator. Circulator ya ferrite ndingoitchula modutsa, imapereka cha m'ma 20 dB ndipo eriyo ikangobweza mphamvu pang'ono olo 20 imeneyo yapita, payokha siikwana.

Ku nsanja nkhani ndi ina. Mawati makumi angapo pa channel, malo alipo, nde cavity filter, bokosi la aluminiyamu losemedwa zipinda, chipinda chilichonse ndi ndodo pakati, mkati mopakidwa siliva, pachivundikiro masikuluwu ambirimbiri. Q ndi masauzande, loss pansi pa 1 dB, isolation kupitirira 80 dB. Kuichuna ndi ntchito ya manja ndithu, munthu amakhala ndi sikuludiraiva maso ali pa network analyser, akapotoza sikuluwu imodzi kota chabe dzenje la return loss limasuntha n'kukokanso la pambali pake, amabwerera kumbuyo, amapita kutsogolo, ndipo akamaliza pomanga nati yotsekera frikwensi imasunthanso pang'ono nde amamanga akuyang'ana sikirini. Mdani wake ndi PIM, passive intermodulation: polumikizira pakakhala potayirira, padzimbiri, kapena pali chitsulo cha nickel, ma carrier awiri amphamvu amasakanikirana pomwepo n'kubala siginolo yachitatu yomwe imagwera mu band yolandirira, ndipo poti yabadwira kutsogolo kwa fyuluta palibe choichotsa. Pakati pa cavity ndi microstrip pali SIW ya Deslandes ndi Wu ya 2001, waveguide yopangidwa ndi mizere iwiri ya ma via mu bolodi, Q ya mazana angapo, koma pansi pa 6 GHz ndi yaikulu moti sindingakulangizeni pokhapokha mukugwira za millimetre wave.

Chinthu chimodzi chomwe njira zonsezi zimagawana ndipo chimagwetsa anthu ambiri ndi pokumanira. Mafyuluta awiri abwino mukangowalumikiza pa T simupeza duplexer yabwino. Fyuluta kunja kwa band yake siimeza siginolo, imaibweza, ndipo imaibweza ndi phase ina yake, nde ya RX ikamaoneka ngati short circuit pa frikwensi ya TX imakokera pansi polumikizira ponse. Imayenera kuoneka ngati waya woduka. Pa microstrip mumakonza ndi kutalika kwa mzere wochoka pa T kupita ku fyuluta iliyonse, zomwe zimadya malo omwe munavutikira kupulumutsa, kapena mumagwiritsa resonator imodzi yolira pa frikwensi zonse ziwiri ngati polowera, njira yomwe ndimaiona yanzeru kwambiri pa ma diplexer aang'ono. Pa SAW ndi BAW nthawi zambiri ndi ka inductor kopita ku ground pa phini ya eriyo, kamene datasheet imakuuzani kukula kwa inductance yake, musakasinthe mwachisawawa. Carrier aggregation yawonjezera moto, Band 1 ndi Band 3 zikamagwira limodzi ndi quadplexer, mafyuluta anayi pa mfundo imodzi, iliyonse isasokoneze zitatu zinazo.

Nde ine mutandifunsa, chipangizo cha m'manja cha FDD pansi pa 1 GHz gulani SAW, TC-SAW ngati mpata ndi wothina ngati wa Band 8 kapena 11 MHz ya Band 20. Band 1 SAW ikwana, musalipire BAW pachabe. Band 3, 7, 25 ndi za pafupi ndi Wi-Fi, BAW kapena SAW yatsopano ija. n77 ndi n78 yambani mwayesa LTCC. Mawati angapo seramiki, makumi a mawati cavity. Wa pulojekiti ya kusukulu sankhani diplexer ya ma band otalikirana pa microstrip, open loop kapena stepped impedance, ndipo munene chilungamo mu lipoti kuti Q yanu ndi ingati.

Pa zida simufunikanso mamiliyoni ngati kale. Pa simulesheni, HFSS, CST ndi ADS ndi zabwino ngati sukulu ili ndi laisensi, koma QucsStudio (pano imatchedwa uSimmics), openEMS ndi Sonnet Lite zilipo zaulere, KiCad yojambulira bolodi, ndipo NanoVNA V2 imayeza mpaka cha m'ma 3 GHz, bola muzidziwa kuti ikakuonetsani isolation yakuya kwambiri mwina mukungoona phokoso la chipangizocho. Musanajambule fyuluta yonse pangani kaye resonator imodzi yokha pa bolodi yomweyo, yolumikizidwa motayirira ku ma konekita awiri a SMA, muyeze pomwe ikulira ndi kutakata kwake pa 3 dB, apo mwapeza dielectric constant yeniyeni ndi Q yeniyeni ya bolodi yanu, muzibweze mu simulesheni. Potumiza ku fakitale ikani makope atatu pa panelo imodzi, ina monga mwawerengera, ina yotalika ndi 2%, ina yofupika ndi 2%. Yomwe yatsika frikwensi mumaipala nsonga ndi lezala pang'onopang'ono mukuyeza, mbali zonse mofanana, yomwe yakwera kwambiri mumamata kachidutswa ka tepi ya kopa kunsonga, ndipo muyeze chivundikiro chachitsulo chili pamwamba ngati chidzakhalepo, chifukwa nacho chimasuntha frikwensi ndi coupling.